Mafunso ndi mayankho: kuika mawu, nyimbo ndi timaphokoso pa masilaidi

Aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji, alangizi a zaumoyo ndi zaulimi, ngakhalenso anthu amene amakonza zithunzi zoonetsa pa ukwati kapena pa mwambo wokumbukira malemu, amafunsa mafunso ofananafanana akafuna kuti masilaidi awo azimveka m'malo mongooneka. Mayankho otsatirawa akhudza kwambiri PowerPoint popeza ndiyo imapezeka m'makompyuta ambiri, koma pamene Google Slides, Keynote ndi LibreOffice Impress zikusiyana nayo, kusiyanako kwafotokozedwa. Mayina a mabatani alembedwa monga momwe amaonekera pa kompyuta kuti musavutike powafufuza.

Kodi n'koyenera kuika timaphokoso pa masilaidi, kapena kumangosokoneza omvera?

Zimatengera ntchito imene phokosolo likugwira. Pali phokoso limene ndilo phunziro lenilenilo, ndipo pali lina limene limaikidwa chabe chifukwa chakuti batani lake lilipo. Mphunzitsi wa anamwino angathe kufotokoza kwa mphindi khumi mmene chifuwa cha mwana wodwala mphumu chimalirira, koma ophunzira ake adzagwira msanga akamva okha kulirako kwa masekondi asanu. Chimodzimodzi wophunzitsa amakaniko amene akufuna kuti anyamata ake azizindikira kugogoda kwa injini yowonongeka, kapena wophunzitsa operekeza alendo m'malo osungira nyama amene akufuna kuti azidziwa kulira kwa nkhwazi asanaione. M'malo ngati amenewa phokoso silokometsera ayi, ndipo kulisiya kungakhale kumana ophunzira chinthu chimene mawu olembedwa sangathe kuwapatsa.

Phokoso la mtundu winawo ndi lija la mphepo, la kamera kapena la makina olembera limene limamveka pa mzere uliwonse umene ukulowa. Koyamba anthu amamwetulira, kachitatu amayamba kulidikira, ndipo pofika silaidi ya khumi maganizo awo ali pa phokosolo osati pa zimene mukunena. Nkhani imeneyi inafufuzidwapo ndithu. Mu 2000, Roxana Moreno ndi Richard Mayer anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anaonetsa ophunzira a ku yunivesite makanema afupiafupi ofotokoza mmene mphezi imapangikira ndi mmene mabuleki a galimoto amagwirira ntchito. Ena anamva mawu a wofotokoza okha, ena anawonjezeredwa nyimbo ndi timaphokoso. Amene anapatsidwa nyimbo ndi timaphokoso pamodzi anakumbukira zochepa, ndipo anavutika kugwiritsa ntchito zimene anaphunzirazo poyankha mafunso atsopano, poyerekeza ndi anzawo amene anamva mawu a wofotokoza okha. Chifukwa chake n'chakuti khutu silingasenze zinthu zambiri nthawi imodzi, ndiye phokoso lililonse losafunika limalanda malo a mawu anu.

Choncho musanaike phokoso dzifunseni ngati omvera ataye kanthu likachotsedwa. Ngati satayapo kanthu, lisiyeni. Pa chiwonetsero cha zithunzi za ukwati kapena chokumbukira malemu nkhani n'njosiyana pang'ono, popeza palibe amene akulankhula, ndipo nyimbo ndiyo imalumikiza zithunzizo.

Mu PowerPoint phokoso limaikidwa pati kwenikweni?

Pali malo atatu, ndipo mavuto ambiri amayamba chifukwa chowasokoneza. Malo oyamba ndi pa kusintha kwa silaidi, ndiye kuti phokoso limalira pamene silaidi ina ikuchoka ndipo ina ikulowa, ndipo limaikidwa kudzera pa Transitions. Malo achiwiri ndi pa chinthu chimodzi cha mkati mwa silaidi, monga chithunzi kapena mzere wa mawu umene ukutulukira, ndipo limaikidwa kudzera pa Animations. Malo achitatu ndi fayilo yoima payokha, imene imalowetsedwa podina Insert kenako Audio, n'kuoneka pa silaidi ngati kachithunzi ka sipika. Njira yachitatuyi ndiyo imakupatsani ufulu wochuluka, chifukwa mungathe kudula fayiloyo, kutsitsa kapena kukweza mawu ake, kuiimitsa ndi kuiyambitsanso. Pa phokoso lililonse lotalika kuposa masekondi awiri kapena atatu, sankhani imeneyi.

Ndafuna kuika phokoso langa pa kusintha kwa silaidi koma fayilo yanga ya MP3 sikuoneka. Chavuta n'chiyani?

Palibe chimene chawonongeka. Mukatsegula Transitions n'kudina pa Sound, mumapeza mndandanda wa timaphokoso timene PowerPoint imabwera nato, monga Applause, Camera, Chime, Drum Roll, Typewriter ndi Whoosh, ndipo pansi penipeni pali Other Sound pomwe mungasankhe fayilo yanu. Pamalo amenewa PowerPoint imalandira mafayilo a mawu a mtundu wa WAV okha, osati MP3. Njira yothetsera vutoli ndi kusandutsa fayiloyo kukhala WAV pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Audacity, imene ndi yaulere. Kungosintha dzina la fayilo kuti lithere ndi wav sikuthandiza, popeza zamkati mwake zimakhala zisanasinthe.

Mu mndandanda womwewo muli zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. Loop Until Next Sound imachititsa phokoso kubwerezabwereza mpaka lina litabwera, ndipo Stop Previous Sound imaletsa phokoso limene linayamba pa silaidi yam'mbuyo. Chenjerani ndi batani la Apply To All, chifukwa limatenga phokoso limene mwasankha n'kuliika pa masilaidi onse, ndipo nthawi zambiri umu ndi mmene anthu amapezekera ali ndi kuwomba m'manja pa silaidi iliyonse osadziwa kumene kwachokera.

Ndingatani kuti phokoso limveke pa nthawi yeniyeni imene chithunzi kapena yankho likutulukira?

Choyamba patsani chinthucho kalowedwe kake pa Animations, mwachitsanzo Appear kapena Fade. Kenako tsegulani Animation Pane, dinani kamuvi kamene kali pambali pa dzina la chinthucho, sankhani Effect Options, ndipo mupeza pomwe palembedwa Sound. Phokoso limene musankhe pamenepo lidzalira nthawi yomweyo imene chinthucho chikutulukira.

Aphunzitsi amene amakonza mafunso a mpikisano m'kalasi amapindula kwambiri ndi batani la Trigger. Ndi limeneli mungalamule kuti phokoso lilire pokhapokha munthu akadina chinthu chakutichakuti, kotero kuti yankho lolondola likhale ndi kulira kwake ndipo lolakwika likhalenso ndi kwake. Apa phokoso likugwira ntchito yooneka, popeza likuuza mwana nthawi yomweyo ngati wakhoza. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha: phokoso la yankho lolakwika likhale lofatsa ndi lalifupi. Mwana amene walakwitsa pamaso pa anzake safunika kulandiridwa ndi kuphulika kwa bomba, chifukwa mawa lake sadzakwezanso dzanja.

Nanga nyimbo yoti izimveka pa masilaidi ambiri motsatizana?

Lowetsani nyimboyo pa silaidi imene mukufuna kuti iyambirepo, dinani kachithunzi ka sipika, ndipo pamwamba patuluka Playback. Batani la Play in Background limachita zinthu zinayi nthawi imodzi: limachititsa nyimbo kuyamba yokha, kupitirira pa masilaidi otsatira, kubwerezanso ikatha, ndiponso kubisa kachithunzi ka sipika pa nthawi yoonetsa. Mukhozanso kusankha chilichonse mwa zimenezi pachokha kudzera pa Start, Play Across Slides, Loop until Stopped ndi Hide During Show.

Ngati mukufuna kuti nyimbo ithere pa silaidi inayake, mwachitsanzo imveke pa masilaidi asanu ndi atatu oyambirira okha, pitani ku Animation Pane, tsegulani Effect Options ya nyimboyo, ndipo pa Stop playing mulembe nambala ya masilaidi imene mukufuna. Gwiritsaninso ntchito Fade In ndi Fade Out kuti nyimbo ilowe ndi kutuluka pang'onopang'ono, chifukwa nyimbo yodulidwa mwadzidzidzi imachititsa anthu kuganiza kuti magetsi athima. Trim Audio imakulolani kusankha pamene nyimbo iyambire ndi pamene ithere pokoka timizere tiwiri, kobiriwira ndi kofiira.

Ndi mtundu uti wa fayilo umene uli bwino, ndipo ndingapewe bwanji kuti chiwonetsero chisalemere?

PowerPoint imalandira mitundu ingapo, koma imene mungakumane nayo kawirikawiri ndi WAV, MP3 ndi M4A. Fayilo ya WAV sipanikizidwa, choncho imasunga mawu onse monga anajambulidwira koma imadya malo. Pa mlingo wa CD, pomwe mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse, mphindi imodzi ya WAV imafika pafupifupi 10 MB. Mphindi yomweyo mu MP3 ya 128 kbps imangotenga pafupifupi 1 MB. Kwa kaphokoso ka masekondi awiri kusiyanaku n'kosadetsa nkhawa, popeza ngakhale mu WAV sikafika theka la 1 MB. Koma nyimbo ya mphindi zinayi mu WAV ndi 40 MB, ndipo Gmail simalola kumata fayilo yoposa 25 MB pa imelo, osanenanso za bandulo ya munthu amene mukumutumizirayo. Lamulo losavuta ndi lakuti timaphokoso tatifupi tikhale WAV, ndipo nyimbo ndi mawu aatali zikhale MP3 kapena M4A. Kampani ya Microsoft imalimbikitsa M4A.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kudula nyimbo ndi Trim Audio sikuchepetsa kulemera kwa fayilo, chifukwa mbali zimene mwadulazo zimangobisika koma zimakhala zilipobe. Zimachotsedwa mukapita pa File, kenako Info, n'kudina Compress Media, ndipo batani limeneli limapezeka pa PowerPoint ya Windows. Sungani kaye kope lina musanatero, kuti mukadzafuna mbali imene munadula mudzaipeze.

Pa kompyuta yanga zonse zimamveka, koma pa kompyuta ya mnzanga mulibe mawu. Chifukwa chiyani?

Kawirikawiri chimachitika n'chakuti fayilo ya mawu sinalowe m'chiwonetseromo, inangolumikizidwa. Fayilo yolumikizidwa imatsala mu foda ya kompyuta yanu, ndipo chiwonetsero chimangosunga njira yokafikira kumeneko. Mukakopera chiwonetsero chokha pa fulashi n'kusiya mawuwo, kompyuta inayo imawafufuza osawapeza. Mu PowerPoint 2007 ndi zam'mbuyo mwake vutoli linali lofala kwambiri, chifukwa mafayilo a WAV okha osapitirira 100 KB ndiwo ankalowa mkati, pokhapokha munthu akakweza malirewo, ndipo ma MP3 onse ankangolumikizidwa. Kuyambira PowerPoint 2010 mafayilo amalowa mkati okha, kupatula ngati mwasankha Link to File pa nthawi yowalowetsa.

Pali njira yotsimikizira. Fayilo ya pptx kwenikweni ndi mtolo wa mafayilo opanikizidwa pamodzi, ndiye mukapanga kope lake n'kusintha mathero a dzina kukhala zip, mungathe kulitsegula n'kuyang'ana mu foda ya ppt, kenako media. Ngati mawu anu ali m'menemo, ndiye kuti adzayenda nanu kulikonse. Ngati mukugwiritsa ntchito chiwonetsero chakale chimene munalandira kwa munthu wina, yang'anani pa File, Info ngati pali batani la Optimize Compatibility, popeza limathandiza kulowetsa ndi kukonza mafayilo oterewa. Pamwamba pa zonsezi, ndi nzeru kuika chiwonetsero ndi mafayilo ake onse a mawu mu foda imodzi n'kukopera foda yonseyo.

Fayilo ili bwinobwino, koma ndikalumikiza pulojekita m'holo simukumveka kanthu. Ndiyang'ane pati?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa ambiri, chifukwa apa m'pamene ntchito ya masiku angapo imawonongekera pamaso pa anthu. Yambani ndi chingwe. Chingwe cha VGA, chija chokhala ndi mutu wabuluu ndi tizitsulo 15, chimanyamula chithunzi chokha, ndiye mawu amatsala m'timasipika ta laputopu timene sitingamveke kupitirira mzere wachiwiri wa mipando. Mukakhala ndi VGA mufunika chingwe china cha mawu, chochokera pa kabowo ka 3.5 mm ka mahedifoni kupita ku sipika kapena ku makina okuzira mawu a m'holomo.

Chingwe cha HDMI chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, ndipo chodabwitsa n'chakuti apanso anthu amasowa mawu. Mukangolumikiza HDMI, kompyuta nthawi zambiri imasamutsira mawu onse ku pulojekita, pamene mapulojekita ambiri ali ndi kasipika kofooka kapena alibiretu. Dinani chizindikiro cha sipika pansi kumanja pa Windows, n'kusankha kumene mukufuna kuti mawu azitulukira. Kumbukiraninso kuti mawu angatsitsidwe pa malo anayi osiyana: mu PowerPoint momwemo pa Volume, pa kompyuta, pa pulojekita ndi pa sipika. Malo amodzi okha akakhala otseka, m'holo monse mumakhala zii.

Sipika ya Bluetooth ndi yothandiza m'kalasi yaing'ono, koma ili ndi zovuta ziwiri. Mawu amafika mochedwa pang'ono, ndiye kaphokoso koyenera kugwirizana ndi chithunzi kamamveka chithunzicho chitatuluka kale. Chachiwiri, masipika ambiri otere amagona pakapita nthawi osalandira kanthu, ndipo podzuka amadya chiyambi cha phokoso, mwinanso kaphokoso konse ngati kali kakafupi. Pamene chingwe chilipo, gwiritsani ntchito chingwe. Fikani pamalopo nthawi ikadalipo, dinani F5 kuti chiwonetsero chiyambe, ndipo mupemphe munthu wina akhale pa mpando wakumbuyo kwenikweni kuti akuuzeni zimene akumva. Holo yodzaza anthu imameza mawu kuposa holo yopanda anthu, choncho siyani mpata woti mudzakwezeko pang'ono.

Pa msonkhano wa pa intaneti ine ndikumva mawu koma anzanga sakumva. Ndalakwitsa pati?

Kuonetsa sikirini yanu sikutumiza mawu a kompyuta pakokha, mumayenera kuchita kulamula. Pa Zoom chongani Share sound pa nthawi imene mukusankha choti muonetse. Pa Microsoft Teams yatsani Include sound. Pa Google Meet njira yodalirika ndi kuonetsa tabu ya Chrome n'kulola kuti mawu a tabuyo apite nawo. Musayese kuthetsa vutoli poyandikitsa maikolofoni ku sipika, chifukwa mapulogalamuwa anapangidwa kuti azichotsa phokoso limene si mawu a munthu, ndipo anzanuwo adzangomva zodukaduka.

Kodi Google Slides, Keynote ndi LibreOffice Impress zimachitanso zomwezi?

Zimachita, koma osati mofanana. Google Slides inayamba kulandira mafayilo a mawu mu 2019, ndipo imalola MP3 ndi WAV. Fayiloyo iyenera kuikidwa kaye pa Google Drive, kenako n'kuilowetsa podina Insert ndi Audio. Pa Format options mungasankhe kuti iyambe yokha kapena podina, ibwerezebwereze, kachithunzi kake kabisike, ndiponso ngati iime silaidi ikasintha. Msampha waukulu apa ndi wa chilolezo: mukagawana chiwonetsero ndi munthu wina koma osamupatsa chilolezo chotsegula fayilo ya mawu imene ili pa Drive, iye adzaona masilaidi onse koma sadzamva kanthu. Komanso mawuwo amadalira intaneti, ndiye kumalo kumene netiweki ndi yovuta ndi bwino kukhala ndi kope lina pa kompyuta.

Keynote, ya pa makina a Apple, ili ndi malo ake oikirapo nyimbo ya chiwonetsero chonse pa Document, kenako Audio, pomwe mumasankha kuti iimbe kamodzi kapena mobwereza. LibreOffice Impress ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Pa Slide Transition pali mndandanda wa Sound wofanana ndi wa PowerPoint. Mukakonza chiwonetsero mu pulogalamu ina n'kukachionetsera mu ina, mawu ndi nthawi zake ndizo zimayamba kusokonekera, choncho chiyesereni mu pulogalamu yomweyo imene mukagwiritse ntchito pa tsikulo.

Timaphokoso tabwino ndingatipeze kuti, ndipo kodi ndili ndi ufulu wotigwiritsa ntchito?

Malo odziwika kwambiri ndi Freesound, imene inayambitsidwa mu 2005 ndi gulu lofufuza za luso la nyimbo pa yunivesite ya Pompeu Fabra ku Barcelona. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana amaikako zimene ajambula, ndipo fayilo iliyonse ili ndi chilolezo chake cha Creative Commons, chofotokoza mmene anthu ena angaigwiritsire ntchito. Ya CC0 mungaigwiritse ntchito mmene mungafunire. Ya CC BY imafuna kuti mutchule mwini wake, zimene mungachite polemba dzina lake pa silaidi yomaliza. Ya CC BY-NC imafunanso kutchula mwini wake, ndipo siloledwa pa ntchito yopezera ndalama. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa munthu amene amalipidwa pochititsa maphunziro kapena amene akutsatsa malonda a kampani.

Mu 2018 BBC inatsegulira anthu nkhokwe yake ya timaphokoso toposa 16,000, ndipo pambuyo pake nambalayi inakwera kupitirira 33,000. Muli kulira kwa nyama ndi mbalame, sitima, misika ndi makina akale, koma chilolezo chake chaulere ndi cha ntchito za munthu payekha, za maphunziro ndi za kafukufuku basi, osati za malonda. Pixabay nayo ili ndi gawo la timaphokoso.

Nyimbo za oimba ndi nkhani ina. Kugula nyimbo kapena kukhala nayo mu foni kumakupatsani ufulu woimvera, koma sikukupatsani ufulu woiimba pagulu kapena kuiphatikiza mu kanema woti mufalitse. Ku Malawi nkhanizi zimayendetsedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limapereka zilolezo ndi kutolera ndalama m'malo mwa eni nyimbo. Ku Zambia ntchito yotere imagwiridwa ndi ZAMCOPS, ndipo ku South Africa kuli SAMRO. Ngati chiwonetsero chanu chikaonetsedwa pa msonkhano wolipiritsa kapena chidzaikidwa pa YouTube ndi Facebook, funsani kaye za chilolezo, popeza masamba amenewa amatha kuzindikira nyimbo okha n'kutseka mawu a kanema wanu. Kuwonjezera pa lamulo, woimbayo anakhetsa thukuta ndiponso analipira situdiyo, ndipo ndi chilungamo kuti ntchito yake isatengedwe ngati yotola.

Kodi ndingajambule ndekha?

Inde, ndipo nthawi zambiri chimenechi ndicho chinthu chabwino koposa, chifukwa phokoso la chigayo, la mvula pa malata kapena la pampu ya mjigo imene yayamba kuwonongeka mungalipeze msanga ndi foni yanu kusiyana ndi kulifufuza pa intaneti, ndipo palibe amene angakufunseni za chilolezo. Yandikirani chimene mukujambulacho, tetezani foni ku mphepo, ndipo jambulani motalikirapo kuposa mmene mukufunira kuti mudzakhale ndi podula. Ngati mukujambula mawu a anthu, makamaka ana ndi odwala, pemphani chilolezo choyamba ndipo muwauze kumene mawuwo akamvekere.

Mu Audacity mungadule poyambira ndi pothera, kuchepetsa phokoso lakumbuyo ndi Noise Reduction, ndi kulinganiza kukwera kwa mawu ndi Normalize. Gwiritsani ntchito Normalize pa mafayilo onse a chiwonetsero chimodzi, kuti lina lisakhale lonong'ona pamene linzake likugonthetsa m'khutu. Pa Noise Reduction musapyole muyeso, chifukwa mawu a munthu amayamba kumveka ngati akuchokera m'chitini.

PowerPoint nayo imajambula. Record Audio imajambula kachidutswa ka silaidi imodzi, pamene Record Slide Show imajambula mawu anu pa chiwonetsero chonse n'kuwasunga silaidi ndi silaidi, kotero kuti mukalakwitsa pa imodzi mungabwereze yokhayo. Dziwani kuti pa nthawi imene silaidi ikusintha mawu sajambulidwa, ndiye malizani chiganizo, pumani pang'ono, sinthani silaidi, kenako pitirizani.

Mawu akhale okwera motani, nanga anthu amene ali ndi vuto la kumva?

Nyimbo yomveka pansi pa mawu a wolankhula iyenera kukhala yotsika kwambiri kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Malangizo a WCAG, amene amatsogolera opanga masamba a pa intaneti kuti anthu aulumali asatsalire, amati phokoso lakumbuyo likhale lotsika ndi madesibelo (muyeso wa kukwera kwa phokoso) osachepera 20 poyerekeza ndi mawu a wolankhula, ndiye kuti limveke pafupifupi kanayi kuchepera. Muyeso umenewu ndi wothandizanso pa masilaidi. Inu amene munalemba mawuwo mumawamva bwino chifukwa mukuwadziwa kale, koma agogo amene akhala kumbuyo, kapena munthu amene chilankhulocho si chake, amavutika kuwalekanitsa ndi nyimbo.

Musabise uthenga wofunika m'phokoso lokha. Ngati belu likutanthauza kuti yankho n'lolondola, pakhalenso chizindikiro chooneka ndi maso. Ngati mukuseweretsa mawu a munthu amene munacheza naye, lembani mfundo zake pa silaidi, ndipo womasulira m'chinenero chamanja apatsidwe mawuwo msonkhano usanayambe. Phokoso lodzidzimutsa, monga la mfuti, la ngozi ya galimoto kapena la ambulansi, lisaseweredwe popanda kuchenjeza anthu, popeza simudziwa zimene aliyense m'chipindamo anadutsamo.

Ndikufuna kutumiza chiwonetsero kwa anthu amene alibe PowerPoint. Mawu apita nawo?

Mukachisandutsa PDF mawu onse amatsala. Njira yabwino ndi kuchisandutsa kanema podina File, Export, kenako Create a Video, n'kusankha kuti nthawi ndi mawu amene munajambula zigwiritsidwe ntchito. Kanema wa MP4 amaseweredwa pa foni iliyonse yamakono. Ngati mukutumiza pa WhatsApp sankhani 720p kapena 480p m'malo mwa 1080p, kuti olandira asawononge bandulo yambiri. Muonereni kanemayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza musanatumize, kuti mutsimikize kuti phokoso lililonse lalowa pamalo pake.

Phokoso likavuta ndili pakati polankhula, kapena ndikafuna kuchotsa onse, ndichite chiyani?

Pa PowerPoint ya Windows, Alt ndi P zimaimitsa kapena kupitiriza fayilo imene ikusewera, Alt ndi Q zimailetseratu, ndipo Alt ndi U zimatseka mawu ake. Batani lotsekera mawu la pa laputopu ndilo lachangu kuposa onse, choncho dziwiranitu pamene lili musanayambe. Phokoso likakana kulira, musataye mphindi zisanu mukulimbana ndi zingwe anthu akukuyang'anani. Fotokozani ndi pakamwa zimene akanamva, pitirizani, ndipo mudzaliyesenso pa nthawi yopuma.

Pofuna kuchotsa timaphokoso ta kusintha kwa masilaidi, dinani pa mndandanda wa masilaidi kumanzere, sankhani onse ndi Ctrl ndi A, kenako pa Transitions muike Sound pa No Sound. Njira imeneyi imasiya kasinthidwe ka silaidi iliyonse mmene kanalili, pamene Apply To All ingafananize masilaidi onse. Timaphokoso ta pa Animations timachotsedwa pa Effect Options ya chinthu chilichonse, ndipo mafayilo oima paokha amachotsedwa posankha kachithunzi ka sipika n'kudina Delete. Ngati mwajambula mawu anu koma tsiku limenelo mukufuna kulankhula nokha, simufunika kufufuta kanthu: pitani pa Slide Show, tsegulani Set Up Slide Show, n'kuchonga Show without narration, ndipo mawu ojambulidwawo adzakhala chete mpaka mutachotsanso chizindikirocho.